Kodi ophunzira tingawaphunzitse bwanji kujambula anthu osawadziwa a m'dera lawo?

Mphunzitsi wa ku Zomba

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumagwira ntchito ya kamera, aphunzitsi ndi ojambula omwe. Ndimaphunzitsa achinyamata luso lojambula zithunzi pasukulu ina kuno ku Zomba, ndipo ndabwera ndi vuto limene ndikukhulupirira kuti ena mwa inu munakumana nalo kale. Ophunzira akadziwa kagwiridwe ka kamera ndi kayezedwe ka kuwala, ndimawapatsa ntchito yakuti aliyense apite kudera kumene amakhala, kaya ndi ku Chinamwali, ku Matawale, ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, akapeze anthu amene sakuwadziwa, awapemphe, awajambule chithunzi chooneka nkhope, kenaka abwere nacho m'kalasi pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza kuti munthuyo ndi ndani. Ndimachita zimenezi chifukwa wojambula amene amaopa anthu sangakhalitse pa ntchito imeneyi, kaya adzakhale wa situdiyo, wa pamaukwati kapena wa nyuzipepala.

Zimene amabwera nazo sizindikhutiritsa. Ambiri amabweretsa zithunzi zojambulidwa mobisa, iwo ali chapatali atakoka lenzi mpaka pamapeto: mayi wogulitsa tomato amene sakudziwa n'komwe kuti pali wina akumuyang'ana, wakabaza atatembenukira kwina, kapena nkhongo ya munthu akudutsa. Ena amajambula asuweni awo ndi anzawo a kutchalitchi n'kumati ndi anthu achilendo, ndipo zimenezi zimadziwika msanga chifukwa cha mmene munthuyo akumwetulira. Enanso amathamangira kwa ana, poti ana sakana kamera. Ochepa amene amalimba mtima n'kupempha amandiuza kuti mayankho ake amakhala omwewo: "Mundipatsa zingati?" kapena "Mukufuna mukatigulitse kwa azungu?" kapenanso "Mukandiika pa Facebook kuti anthu azindiseka." Mtsikana wina anabwezedwa ndi mawu achipongwe pamsika wina, ndipo kuchokera tsiku limenelo sakufunanso kutuluka ndi kamera.

Ndikupempha nzeru pa zinthu izi. Kodi ntchito yotereyi mumaiyamba bwanji kuti wophunzira wamanyazi asathawire ku njira zachidule? Munthu akapempha ndalama, wophunzira ayankhe chiyani? Kodi chilolezo chapakamwa n'chokwanira, kapena tiyenera kunyamula mapepala osayinira? Dziwaninso kuti makamera a pasukulu ndi ochepa ndipo ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito mafoni awo, choncho malangizo ofuna zipangizo zodula sangatithandize kwenikweni.

Wojambula wakale wa ku Ndirande

Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino, koma ndikuona kuti mwayambira pa mantha a wophunzira pamene mukadayambira pa manyazi a munthu wojambulidwayo. Ine ndidayamba ntchito imeneyi nthawi ya filimu, pamene wojambula ankayenda pansi kapena panjinga kamera ili m'khosi, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo anthu ndiwo ankatiitana. Munthu akatiitana ankatiuza kuti tidikire pakhonde, iye n'kulowa kukasamba, kudzola mafuta ndi kuvala zovala za kutchalitchi. Wina ankabwereka jekete kwa mnzake, wina ankatulutsa wailesi kuti aikumbatire, wina ankasankha kuima pafupi ndi maluwa kapena pambali pa galimoto ya eni ake. Ankalipiriratu theka, ife n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, n'kukaitsukitsa m'tauni, kenaka n'kubwerera khomo ndi khomo kukapereka zithunzi ndi kutolera ndalama zotsala. Umo ndi mmene makolo a ophunzira anu adadziwira kamera: wojambulidwa ndiye anali bwana, ndiye ankasankha tsiku, chovala ndi malo.

Tsopano taganizirani mayi wogulitsa makala, chitenje chake chada bii, thukuta lili kamukamu, n'kutulukira mnyamata wovala bwino kunena kuti akufuna kumujambula pompo mmene alilimo. Mayi ameneyu sakuona luso lililonse pamenepo. Akuona munthu amene wabwera kudzatola umphawi wake kuti akauonetse kwina, ndipo akamafunsa ndalama kapena kutchula za azungu sindiye kuti ndi wadyera, koma akudziwa kuti zithunzi za anthu ovutika zakhala zikutuluka m'dziko muno kukapemphera thandizo limene iye sadalionepo. Wophunzira amene sadamvetse zimenezi adzakwiya akakanidwa, ndipo akakwiya adzayamba kujambula mobisa.

Langizo langa loyamba n'lakuti ulendo woyamba kamera itsale kunyumba. Wophunzira apite chimanjamanja, anene odi, apereke moni monga mwa msinkhu wa munthuyo, ndipo akapatsidwa mpata apereke malonje: ndine mwana wa auje, timakhala kuseri kwa chigayo, ndikuphunzira kujambula kusukulu yakuti, aphunzitsi atituma kuti tidziwe anthu a m'dera lathu ndi ntchito zawo. M'madera mwathu muno munthu wachilendo kotheratu ndi wosowa, chifukwa ngakhale wophunzirayo asakumudziwa telala wa pakona, telalayo amadziwa mayi ake kapena amamuona akudutsa m'mawa uliwonse. Chimenechi ndi chuma chimene mzungu wobwera ndi kamera yodula alibe, ndipo ophunzira anu ayenera kuchigwiritsa ntchito m'malo modzisandutsa alendo kwawo komwe. Akacheza, afunse za ntchitoyo moona mtima: nsapato zimene zimavuta kusoka ndi ziti, makala akuchokera kuti masiku ano, adaphunzira kwa yani kukhoma zidebe. Pambuyo pake ndiye apemphe kuti abwerenso tsiku lina ndi kamera, ndipo mwini wake asankhe tsikulo ndi chovala chimene akufuna kuoneka nacho.

Pamsika musawatume osadzera kwa tcheyamani kapena komiti ya msika, ndipo m'mudzi musawatume osadzera kwa amfumu. Inuyo aphunzitsi mupiteko nokha kaye ndi kalata ya kusukulu. Safunsa adadya phula, ndipo ife a kum'mwera kuno sitidaiwale chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka kuno ku Blantyre, anthu angapo n'kuphedwa ndi magulu a anthu okwiya chifukwa chongoganiziridwa. Munthu wosadziwika woyenda ndi chikwama cha zipangizo zachilendo anali pangozi yeniyeni. Zinthu zidazizira, koma phunziro lake lidakalipo lakuti mwana wa eni ake satumidwa ndi kamera kumalo kumene akuluakulu a pamalopo sadauzidwe.

Kukonzekera kwa wojambulidwa musakuone ngati chinthu choononga luso. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, amene adatsekula situdiyo yake mu 1948, ankajambula anthu pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu yamaluwamaluwa kumbuyo, ndipo ankawabwereka wotchi, wailesi kapena njinga yamoto kuti aoneke mmene ankafunira. Lero zithunzi zake zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso kunja, ndipo mphamvu yake ili pakuti anthuwo akuyang'ana kamera modzidalira.

Za ndalama, ine ndimakana. Mukalipira mmodzi, msika wonse udziwa mtengo wake lisanalowe dzuwa, ndipo wophunzira wobwera pambuyo wopanda kanthu m'thumba sadzajambula aliyense. Malipiro oyenera ndi chithunzi chotsukidwa papepala, choperekedwa m'manja mwa mwini wake pa tsiku limene adalonjezana. Anthu ambiri achikulire ali ndi chithunzi cha pachiphaso chokha basi, ndipo cha papepala chabwino amachisunga m'Baibulo kapena kuchipachika pabalaza. Wophunzira amene sadabweze chithunzi musamupatse malikisi, ngakhale chithunzicho chikhale chokongola motani, chifukwa watsekera khomo anzake onse a m'mbuyo mwake.

Mayi wa situdiyo ku Kawale

Bambo a ku Ndirande anena zoona pa nkhani ya moni ndi malonje, ndipo ine sindiwonjezerapo kanthu. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa nkhani yolola munthu aliyense kukasintha zovala. Tikatero nthawi zonse, ophunzira adzabwera ndi zithunzi zofanana ndi zimene timajambula m'situdiyo tsiku ndi tsiku, ndipo sadzaphunzira kuona ulemerero umene uli pa munthu ali pa ntchito yake, manja ali ndi girisi, tepi yoyezera ili m'khosi. Ine achinyamata amene amabwera kudzaphunzira kwa ine ndimawauza kuti apangane ndi munthuyo zithunzi ziwiri. Choyamba n'cha mwini wake, avale ndi kuima mmene akufunira, ndipo chimenecho ndicho adzalandire papepala. Chachiwiri n'cha wophunzira, chojambulidwa pamalo a ntchito, munthuyo akudziwa ndipo wavomera. Kawirikawiri munthu akaona kuti choyamba chatuluka bwino, mapewa amatsika, nkhope imamasuka, ndipo chachiwiri chimabwera chokha.

Aphunzitsi, musawaponye kumsika tsiku loyamba. Ayambe kujambulana okhaokha m'kalasi awiriawiri, ndipo aliyense akhalepo kutsogolo kwa kamera kwa mphindi zingapo anzake akumuyang'ana, kuti amve m'thupi mwake mmene zimakhalira kusowa poika manja. Akachoka apo ajambule ogwira ntchito pasukulu pomwepo, alonda, ophika ndi osesa, amene amawaona tsiku lililonse koma sanachezepo nawo. Akatuluka kunja ayambire pa anthu amene ntchito yawo ndi yokhala pamalo amodzi ndipo amainyadira, monga matelala a pakhonde, osoka nsapato, okonza njinga, ometa, akalipentala ndi abambo osewera bawo. Amenewa ali ndi nthawi yocheza, sachoka pamalopo, ndipo wophunzira akhoza kuwapezanso mosavuta pobweza chithunzi. Wakabaza ali pa siteji kudikira kasitomala kapena mayi amene ali pakati pa kuwerengera chenje si anthu oyambira. Muwaletse kukoka lenzi: amene ali ndi kamera aike pa 50mm kapena pa 55mm, pamapeto a lenzi wamba ya 18-55mm, n'kusiya pomwepo, kuti mapazi ndiwo amufikitse pafupi ndi munthu.

Pa nkhani ya kuwala, chimene chimaononga zithunzi zambiri kuno kwathu ndi dzuwa la paliwombo. Masana dzuwa limakhala pamwamba penipeni, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo limaika mdima m'maenje a maso ndi pansi pa chibwano, pamene mphumi ndi mphuno zikunyezimira. Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo kuyambira 4 koloko, koma akumbukire kuti kuno dzuwa likangolowa cha m'ma 6 koloko mdima umagwa msanga. Ngati apangana masana, amuike munthuyo mumthunzi wa khonde kapena pakhomo la shopu, nkhope italoza kunja kumene kukuchokera kuwala, wojambula ali panja. Kuwala kotereku n'kofewa ndipo kumaumba bwino nkhope ya khungu lakuda, komanso kumaika kadontho kowala m'maso kamene kamachititsa chithunzi kukhala chamoyo. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali aupewe, chifukwa umadontheza mawanga pankhope. Flashi ya pakamera aizimitse, poti imangowalitsa mphumi n'kuphwanthaliza nkhope. Ngati mbali imodzi ya nkhope yada kwambiri, mnzake agwire nsalu yoyera kapena chikatoni chomatidwa pepala loyera kumbali imeneyo, ndipo zimenezi zimagwira ntchito yofanana ndi zipangizo zogula.

Chinanso chimene ophunzira ayenera kumvetsa n'chakuti kamera poyeza kuwala imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri ndi chosada kwambiri. Choncho kumbuyo kwa munthu kukakhala khoma loyera kapena thambo lowala, kamera imachepetsa kuwala ndipo nkhope imasanduka mdima wokhawokha. Ayeze kuwala pankhope penipeni, kapena awonjezere ndi batani la chizindikiro cha +/- mpaka pa +1, n'kuyang'ana zotsatira. Poyambira pabwino ndi kuika kabowo kolowetsa kuwala pa f/2.8 kapena f/4 ngati lenzi ikulola, liwiro lojambulira losatsika pa 1/125 ya sekondi kuti chithunzi chisachite chimbuuzi, ndi ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) ya 400 kapena 800 mumthunzi, ndipo diso limene lili pafupi ndi kamera ndilo lioneke lakuthwa. A mafoni asadandaule, chifukwa mfundo zake ndi zomwezo. Apukute galasi la kamera, akhudze nkhope pasikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo, azimitse zosalalitsa ndi zoyeretsa khungu, ndipo asayandikitse foni kunkhope, chifukwa lenzi ya foni ndi yotambalala ndipo ikayandikira imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Aime pamtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, ajambule kuyambira m'chiuno kukwera, manja ndi zida za ntchito zionekere.

Zonsezi azikonze asanamuimike munthu. Palibe chimene chimatopetsa wojambulidwa ngati wojambula amene wawerama kusinthasintha mabatani osalankhula kanthu. Za mtsikana amene ananyozedwa uja, chonde musamukakamize kubwerera kumalo omwewo. Atsikana aziyenda awiriawiri, masana, ndipo ayambire kwa amayi anzawo, a m'saluni, osoka ndi ogulitsa kaunjika, kumene mnyamata sangalandiridwe mosavuta monga mmene iwo angalandiridwire.

Mtolankhani wa ku Lilongwe

Ndiyankhapo pa funso la chilolezo, chifukwa ndi limene timalimbana nalo pa ntchito yathu. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi cha moyo wake, ndipo mu 2024 kunayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, limene bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira, lokhudza kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka uthenga umene umazindikiritsa munthu. Nkhope yooneka bwino yokhala ndi dzina ndi malo pansi pake imazindikiritsa munthu, choncho sukulu imene ikusonkhanitsa zithunzi zotere iyenera kuchita zinthu mosamala. Komanso ophunzira adziwe kuti kukhala mwini wa chithunzi, monga mwa lamulo la Copyright Act la 2016, sikuwapatsa ufulu wochita chilichonse ndi nkhope ya munthu wina.

Chimene ndikupempha kuti muwaphunzitse n'chakuti chilolezo si chimodzi. Kuvomera kujambulidwa n'kosiyana ndi kuvomera kuti chithunzi chionetsedwe m'kalasi, ndipo zonsezi n'zosiyana ndi kuvomera kuti chiikidwe pa Facebook, pa WhatsApp kapena pachionetsero. Mayi amene wanena kuti "jambulani" mwina akuganiza kuti chithunzicho chikaonedwa ndi aphunzitsi okha. Wophunzira afunse chilichonse pachokha, m'chinenero chimene munthuyo amalankhula, ndipo anene mosabisa kuti chithunzi chikangoikidwa pa intaneti sichingabwezedwenso. Mapepala osayinira ali ndi malo ake, makamaka ngati chithunzi chidzasindikizidwa kapena kugulitsidwa, koma kwa anthu ambiri pepala lofuna siginecha kapena chidindo cha chala limadzutsa mantha, ndipo amene sadziwa kuwerenga amasayinira chinthu chimene sanachimve. Pa ntchito ya m'kalasi ine ndikuona kuti ndi bwino wophunzira ajambule mawu pafoni, munthuyo akudziwa, pamene akufotokoza cholinga ndipo mwini wake akuyankha zimene wavomera ndi zimene wakana. Akatha kujambula amuonetse zithunzizo pasikirini, ndipo chimene mwini wake sanachikonde achifufute iye akuona.

Nkhani imene ndimaikonda pophunzitsa mfundo imeneyi ndi ya Dorothea Lange, wojambula wa ku America, amene mu 1936 anajambula mayi wina ndi ana ake pamsasa wa anthu ofuna maganyu a m'minda ku Nipomo, m'chigawo cha California. Chithunzicho chinakhala chimodzi mwa zodziwika kwambiri m'mbiri ya America, koma Lange mwini wake anadzanena kuti sanafunse dzina la mayiyo. Dzinalo, Florence Owens Thompson, linadziwika kwa anthu mu 1978, ndipo mayiyo anadandaula kuti sanapindulepo kanthu pamene nkhope yake inakhala chizindikiro cha umphawi kwa zaka zoposa makumi anayi. Chithunzicho n'chabwino zedi, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imawakhudza ophunzira, poti imaonetsa kuti luso la wojambula silichotsa ngongole imene ali nayo kwa munthu wojambulidwa.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi bambo a ku Ndirande pa nkhani ya ndalama. Ndikuvomereza kuti wophunzira asagule chilolezo, koma ngati waimitsa malonda a munthu kwa ola lathunthu, kugula mulu wa tomato kapena kusoketsa nsapato yake pomwepo ndi ulemu chabe. Ndipo ngati tsiku lina chithunzicho chidzagulidwa ndi bungwe kapena kampani yotsatsa malonda, wojambula ayenera kubwerera kwa mwini nkhope, kupemphanso chilolezo ndi kumugawira. Mawu akuti "mukatigulitse" adzatha pokhapokha ojambula atayamba kuchita zimenezi.

Ana muwachotsemo m'ntchito imeneyi. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mwana sangapereke yekha chilolezo chotere popanda kholo kapena womulera. Muwachenjezenso za anthu achialubino: poganizira za kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athuwa kumene dziko lino laona, kufalitsa nkhope pamodzi ndi malo amene munthu amakhala kungamuike pangozi. Odwala m'zipatala, anamfedwa pasiwa ndi anthu oledzera asajambulidwe pa ntchito ya sukulu. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ndipo kudambwe kamera siyandikirako. Popeza muli ku Zomba, kumene kuli kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks, ndende yaikulu ndi nyumba ya boma, akumbutseni kuti ayang'ane zimene zili kumbuyo kwa munthu asanadine batani, chifukwa malo achitetezo saloledwa kujambulidwa mwachisawawa.

Wophunzira wakale, Mangochi

Zikomo akuluakulu pondilola kulankhulapo, ngakhale ndine wamng'ono pa ntchitoyi. Ntchito yofanana ndi imeneyi tinapatsidwapo ndili pasukulu, ndipo ndikufuna kunena zimene zinkachitika mumtima mwathu ife ophunzira. Chimene tinkaopa kwambiri sikunali kukanidwa kwenikweniko, koma kubwerera m'kalasi opanda chithunzi n'kulephera phunzirolo. Mantha amenewo ndiwo ankatikankhira kwa asuweni ndi ku zithunzi zobisa. Zinasintha aphunzitsi athu atanena kuti kukanidwa nakonso kuli ndi malikisi, malinga ngati walemba m'kope kuti unapita kwa yani, unanena chiyani, anayankha chiyani, ndipo unatsanzika bwanji. Tinayamba kuwerengerana nkhani zimenezi m'kalasi, ndipo tinazindikira kuti amene ankakanidwa kawirikawiri ndi amene ankayamba ndi mawu akuti "ndikujambuleni", pamene amene ankatchula chimene chawakopa, monga kaluso ka dengu limene munthu akuluka kapena ukonde umene akusoka, ankalandiridwa.

Kwathu kuno kuli Asilamu ambiri, ndipo mayi wina amakuuza kuti ayambe wafunsa bambo a kunyumba, kapena amavomera kujambulidwa ndi mtsikana koma osati mnyamata. Yankho lotere si kukana, ndipo wophunzira aphunzire kudikira ndi kubweranso. Kulankhula Chiyao, ngakhale moni wokha, kunkatitsekulira makomo ambiri. Chomaliza, chionetsero chathu sitinachitire kusukulu ayi. Tinapachika zithunzi pachingwe m'holo ya m'dera momwemo, eni nkhope tinawaitana, aliyense anabwera ndi abale ake, ndipo pomaliza anachotsa chake n'kupita nacho. Chaka chotsatira anthu ankaitana okha ophunzira kuti adzawajambule.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Ndathokoza kwambiri nonse. Ulendo woyamba wopanda kamera ndi malikisi a kukanidwa ndiziyamba chigawo chikubwerachi, ndipo kwa tcheyamani wa msika ndipitako ndekha monga mwanenera, bambo. Pa nkhani ya ndalama ndikutsamira ku maganizo a atolankhani, ngakhale ndikuona kuopsa kumene bambo a ku Ndirande atchula. Chimene chikundivutabe n'chakuti ena mwa ophunzira anga amavutika kupeza ngakhale ndalama ya kabaza, ndipo ndikawalamula kuti chithunzi chilichonse chitsukidwe papepala, ndikuopa kuti osaukawo ndiwo adzalephere. Kodi kutumiza chithunzi pa WhatsApp sikungakwanire?

Wojambula wakale wa ku Ndirande

Kwa mnyamata wometa amene ali ndi foni yaikulu ndipo wapempha yekha kuti mumutumizire, WhatsApp ndi yokwanira. Koma agogo osoka mphasa foni yawo ndi yamabatani, ndipo ngakhale mutatumiza kwa mdzukulu wawo, foniyo ikabedwa kapena ikawonongeka chithunzi chapita. Mtolowu musausenzetse wophunzira payekha, aphunzitsi. Chepetsani chiwerengero: m'malo mwa anthu khumi, aliyense ajambule atatu okha, koma awadziwe bwino. Kalasi yonse isonkhe kangachepe m'thumba limodzi, sukulu iwonjezerepo kuchokera ku ndalama za zipangizo, ndipo zithunzi zonse muzitengere pamodzi ku situdiyo imodzi pa fulashi yosungira zithunzi, chifukwa mukatsukitsa zambiri nthawi imodzi mumatha kunenerera mtengo. Kukula kwa positikhadi, mainchesi 4 kwa 6, n'kokwanira. Kuseri kwa chithunzi chilichonse wophunzira alembe dzina lake, dzina la sukulu, tsiku ndi nambala ya foni ya kusukulu, kuti mwini wake akadzasintha maganizo pa zoonetsa chithunzicho adziwe kumene angakadandaule. Ndipo ulendo wokapereka zithunzi muuike pa ndandanda ya maphunziro monga tsiku la kalasi, ophunzira a dera limodzi ayendere limodzi wapansi, kuti nkhani ya kabaza isakhale chowiringula.